Lachitatu pa Dedza: kernel yatsopano, Wi-Fi yasowa

Lero kunacha ndi nkhungu, phiri la Dedza losaoneka n'komwe, ndipo ndinatsekula shopu zala zitauma ndi chisanu. M'mawa munali ntchito zing'onozing'ono: foni yosweka sikirini, chaja yoduka, amayi ena ofuna ndiwasindikizire mafomu. Ntchito yeniyeni inafika cha m'ma 10 koloko, pamene aphunzitsi ena a sekondale ochokera cha ku Bembeke anatsika pa kabaza, laputopu atayikulunga m'jekete.

"Achimwene, tandithandizeni. Dzana inali bwinobwino. Tsopano Wi-Fi kulibe, mawu sakutuluka, ndipo Lachisanu ndikuyenera kutumiza magiredi a ana."

Ndinawafunsa ngati pali amene anaigwirako. Anati mwana wa mlongo wawo, amene akuphunzira za makompyuta ku Lilongwe, anabwera kumapeto kwa sabata n'kuwaikira "china chake chatsopano" kuchokera pa fulashi, chifukwa touchpad inkangouma nthawi ndi nthawi. Touchpad inachiradi. Koma mnyamatayo atangokwera minibasi, zina zonse zinazima.

Makinawo ali ndi Ubuntu 22.04, mtundu wa Linux umene umayendetsa kompyuta yonse, ndipo inatuluka mu Epulo 2022 ndi kernel (mtima wa Linux) 5.15. Nditalemba uname -r pa terminal, polembera malamulo, kuti ndione kernel imene ikuyenda, inandionetsa 6.8. Apo ndinadziwa kumene nkhani yagona. Ndinayang'ana ma package, mitolo ya mapulogalamu, amene alimo: linux-image ya 6.8, imene ndi kernel yeniyeniyo, ilipo, linux-modules yake ilipo, basi. Mnyamatayo anatenga mafayilo awiri okha, amene dpkg, pulogalamu yoika ma package, imakana kuika imodzi popanda inzake, n'kuganiza kuti watha. Sindikumunena ayi. Maganizo ake anali olondola, kernel yatsopano imadziwadi zipangizo zambiri kuposa yakale. Kungoti anaibweretsa yopanda anzake.

Aphunzitsi anafuna kumvetsa, ndiye ndinawakokera mpando. Kernel ndiyo imalankhula ndi zitsulo za m'kati mwa kompyuta, koma ma driver ambiri, timapulogalamu toyendetsa chipangizo chilichonse, sakhala m'thupi mwake. Amakhala padera ngati ma module, mu /lib/modules, ndipo kernel iliyonse ili ndi foda yakeyake yolembedwa nambala yake. Module iliyonse imanyamula chizindikiro cha kernel imene inamangidwira, ndipo ukaipereka kwa kernel ina, imakanidwa. Ndinawauza kuti zili ngati chigayo: ukasintha injini, lamba wakale uja sakwananso pa pule yatsopano, ngakhale akhale wosang'ambika. Anagwedeza mutu, akuti kwawo anaziona zimenezo.

Pa Ubuntu ma module anawagawa pawiri. Ochepa ofunikira kuti makina adzuke ali mu linux-modules. Ambiri a mawu, Wi-Fi ndi Bluetooth ali mu linux-modules-extra, ndipo imeneyi kernel siikakamiza kuti ikhalepo, chifukwa ma seva ambiri safuna sipika kapena Wi-Fi. Ndicho chifukwa laputopu inkayaka bwinobwino koma ili duu.

Za mawu zinali zophweka choncho. Za Wi-Fi zinali ndi mbali inanso, ndipo apa ndi pamene ndinatherapo nthawi yambiri. Kachipangizo ka Wi-Fi ka m'laputopu imeneyi ndi ka mtundu uja umene driver yake siili m'gulu la ma driver obwera ndi kernel. Driver yotere imabwera payokha, ndipo imayenera kumangidwanso nthawi iliyonse kernel ikasintha. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi DKMS, pulogalamu imene anayambitsa a kampani ya Dell mu 2003. Kernel yatsopano ikangolowa, DKMS imadzuka yokha n'kumanga driver ija kuti igwirizane nayo. Koma kuti imange imafuna linux-headers, mafayilo ofotokoza zam'kati mwa kernel, za kernel yomweyo, nambala kufanana mpaka kumapeto. Ma headers a 5.15 sangathandize 6.8. Nditalemba dkms status, driver ya Wi-Fi inaoneka kuti inaikidwa pa 5.15 pokha, pa 6.8 palibe chilichonse.

Anthu ena amadandaula kuti n'chifukwa chiyani a Linux sangosiya zam'kati mwa kernel zili chimodzimodzi kuti ma driver akale azigwirabe. Anachita kusankha dala. Amafuna ufulu wokonza zam'kati pamene aona chofunika kukonza, ndipo akasintha, amakonzera limodzi ma driver onse amene ali m'manja mwawo. Amene ali kunja ndi amene amatsalira. Ine ndimaona kuti anasankha bwino, ngakhale kuti mtolo wake umagwera ife okonza makina akale. Ndipo ndikamathandiza munthu kugula laputopu ya kaunjika, ndimayamba ndalemba lspci, lamulo loonetsa zipangizo za m'kati, kuti ndione ngati Wi-Fi yake ili ndi driver ya m'kernel momwemo.

Vuto lathu kuno ndi loti chimene chafa ndi chomwecho chimene ukufuna kuti ukonzere. Ma headers ali pa intaneti, intaneti ikufuna Wi-Fi, Wi-Fi ikufuna ma headers. Mwayi wake, mnyamata uja sanachotse kernel yakale. Ndinazimitsa makina, poyatsa n'kudina Esc kuti GRUB, mndandanda wosankhira kernel poyatsa, ionekere, ndinalowa pa Advanced options, ndipo 5.15 inali pompo. Itangodzuka, kachizindikiro ka Wi-Fi kanabwerera pakona, sipika n'kulira. Aphunzitsi anawomba m'manja.

"Basitu achimwene, isiyeni pomwepo."

Kunena zoona, akanatha kuisiya pomwepo. Kernel 5.15 ikulandirabe zigamba za chitetezo, ndipo Ubuntu 22.04 ili ndi chithandizo mpaka 2027. Munthu amene makina ake akuyenda bwino alibe chifukwa chothamangira nambala yaikulu. Koma iwo anali nacho chifukwa, touchpad ija, ndipo tisanamalize n'kukambirana komwe inauma kale pamaso pathu. Tinagwirizana kuti timalize zimene mnyamata anayamba.

Tinagula bandulo pa foni yawo, n'kutsekula hotspot. Pamenepa sindithamanga. Ndisanaike chilichonse ndimayang'ana mzere umene apt, pulogalamu yotsitsa ndi kuika ma package, imalemba wonena kuchuluka kwa ma MB ofunika, isanafunse kuti tipitirize kapena ayi, chifukwa bandulo ikathera pakati munthu wataya ndalama. Ndinaonanso ngati batire ladzaza, poti magetsi akathima apt ili mkati moika, ma package amatsala theka, ndipo umayamba ndi dpkg --configure -a usanachite china chilichonse. Ndinaonanso malo otsala mu /boot, foda imene ma kernel amakhalamo.

Sindinaike mafayilo amodziamodzi. Ndinaika linux-generic-hwe-22.04. Package imeneyi m'kati mwake mulibe kanthu kwenikweni, ntchito yake ndi kukoka anzake: image, ma module onse awiri, ma headers ndi firmware, zonse za nambala imodzi. Ubwino wake waukulu uli kutsogolo. Kernel ina ikadzatuluka, idzabwera ndi gulu lake lonse, popanda wina kukumbukira kuti pakusowa chakuti.

Ndinadya chipisi cha mbatata ya kachewere uku ndikuyang'ana mizere ikuyenda, aphunzitsi atapita kumsika kukagula kabichi. Pafupi ndi kumapeto DKMS inayamba kumanga, kenako n'kulemba kuti yalephera. Uthenga wa pa sikirini sunena zambiri, koma umakulozera ku fayilo ya make.log, mu /var/lib/dkms. Ndinaitsekula, ndipo chifukwa chinali m'mizere yoyambirira: ikufuna gcc-12, compiler, kutanthauza pulogalamu yomangira mapulogalamu ena. Ubuntu 22.04 imabwera ndi gcc 11, pomwe kernel ya 6.8 imeneyi inamangidwa ndi gcc 12, ndipo module imafuna kumangidwa ndi compiler yofanana ndi ya kernel yake. Makina amene amalandira ma update kawirikawiri amakhala nayo kale, koma laputopu ya kumudzi imene imaona intaneti mwa apo ndi apo imatsalira. Ndinaika gcc-12, ndinaikanso driver ya Wi-Fi yomwe ili m'nkhokwe ya Ubuntu panopa m'malo mwa yakale ija, ndipo ulendo uno inamangika. Secure Boot, chitetezo chimene chimakana ma module osasainidwa, pa makinawa ndi yozimitsa, ndiye za kusaina module sizinativute.

Ndisanazimitse ndinalembanso dkms status, ndipo driver inaoneka pa ma kernel onse awiri. Apo m'pamene ndinayatsanso. Inadzuka pa 6.8, Wi-Fi ilipo, mawu alipo, touchpad ikuyenda myaa. Ndinaisiya ikusewera vidiyo kwa kanthawi, ndinaitseka chivundikiro n'kuitsekulanso kuti ndione ngati Wi-Fi imabwerera ikagona. Inabwerera.

Aphunzitsi atabwera anafunsa ngati tingachotse yakale ija kuti ipereke malo. Ndinakana. Ndinawaonetsa podina Esc ndi posankha, iwo n'kulemba m'kope lawo lokonzera maphunziro. Ndinawapempha kuti 5.15 ikhale mpaka teremu ithe, ndiponso kuti apt autoremove ikawapatsa mndandanda wa zochotsa, aziwerenga asanavomere.

Potsanzikana anati kusukulu kwawo kuli malaputopu ena a mtundu womwewu, ndipo aphunzitsi anzawo akudandaulanso za touchpad. Popeza ndinagwiritsa ntchito apt-get, imene imasunga zimene yatsitsa, mafayilo onse a .deb, omwe ndi ma package aja, anatsala mu /var/cache/apt/archives, ndiye ndawakopera pa fulashi: image, ma module, ma headers, gcc-12 ndi zonse zimene inakoka. Loweruka ndikwera minibasi ya ku Bembeke kukawaika, osagulanso bandulo. Ndawapempha aitanenso mwana wa mlongo wawo ngati angathe kubwera, tikagwire limodzi.