Mmene tinapulumutsira theka la bwalo lathu pa mapu a khonsolo

Galaji yanga ili kuseri kwa njanji, m'bwalo la mashedi akale, chakumphepete kwa mzinda wa London. Mzindawu uli ndi zigawo 32 zotchedwa ma borough, ndipo borough iliyonse ili ndi khonsolo yake yomwe imalemba buku lotchedwa Local Plan. Bukuli ndilo limanena kuti apa pamangidwe nyumba, apa masitolo, apa pakhale malo a ntchito, ndipo limayang'ana zaka 15 kutsogolo. Zaka zonse zomwe ndakhala ndikugwira sipanala kuno sindinalitsegulepo.

Amene anandidzutsa ndi mnzanga wa ku Ghana wowotcherera zitsulo mu shedi yoyandikana ndi yanga. Analowa m'mawa wina foni ili m'manja nkundionetsa mapu. Bwalo lathu, lomwe kale linali ndi mtundu wa malo a mafakitale, anali atalipaka mtundu wa nyumba zogona.

Nthawiyo khonsolo inali pa gawo loyamba lofunsa maganizo a anthu, lomwe amati Regulation 18, kuchokera m'malamulo a 2012. Usiku womwewo ndinalemba kalata yamasamba atatu, yodzaza mkwiyo, yofotokoza misonkho yomwe ndalipira ndi ana omwe ndalera ndi galajiyi. Patapita miyezi khonsolo inatulutsa ndandanda wa mayankho. Pa mzere wanga panali liwu limodzi, noted, kutanthauza kuti tamva.

Mwana wanga wamkazi, yemwe anali ku yunivesite, anaiwerenga kalatayo nkupukusa mutu. "Ababa, mwalemba ngati mukudandaula kwa amfumu. Anthu awa satsutsidwa ndi misozi, amatsutsidwa ndi mapepala awo omwe." Zinandiwawa, koma safunsa anadya phula.

Anandipezera chikalata chotchedwa Employment Land Review. Khonsolo imalemba ganyu akatswiri kuti awerenge malo onse a ntchito m'dera, ayerekeze ntchito zomwe zidzafunike m'tsogolo, kenako anene malo oyenera kusunga ndi oyenera kuwamasula. Apa ndipo pamaphikidwa nkhani yonse, buku lalikululo limangopakula. Ndinaphunziramo kuti mu London malo a mafakitale ali m'magulu. Akuluakulu ngati Park Royal amatchedwa SIL ndipo amatetezedwa ndi London Plan ya 2021, buku la mapulani a mzinda wonse. Ocheperapo amatchedwa LSIS, ndipo amawasankha ndi khonsolo yokha. Athu anali LSIS, ndiye amene anatipatsa chitetezo ndi yemweyo amafuna kutilanda.

Ndinaphunziranso zilembo zomwe boma limagawira nyumba ndi malo malinga ndi ntchito yochitikamo. Ntchito yaphokoso ngati yanga ndi B2, mosungira ndi kutumiza katundu ndi B8. Ntchito zing'onozing'ono zosasokosera, ngati za telala wa pakona, kuyambira pa 1 Seputembala 2020 zinaphatikizidwa ndi masitolo ndi maofesi mu Class E. Kuyambira Ogasiti 2021, mwini nyumba ya Class E akhoza kuisandutsa yogonamo popanda kupempha chilolezo chonse, pokhapokha khonsolo itatseka njirayo ndi lamulo la Article 4. Eni malo sindiwanena kwambiri. Malo omwewo ukamangapo mafulati amabala ndalama zomwe lendi ya makaniko singazifike, ndipo anthu osowa pogona mu London ndi enieni, ena timapemphera nawo.

Za bwalo lathu akatswiriwo analemba ndime imodzi: nyumba zakutha, msewu wopanikiza, antchito ochepa. Zoyamba ziwirizo ndi zoona. Chachitatucho anachipeza powerengera kukula kwa mashedi, osati kulowa m'kati. Zikuoneka kuti anafika masana, zitseko zambiri zili zotseka. Wophika buledi wa kumapeto amayamba 2 koloko usiku, pofika masana anthu ake ali mtulo. Okonza mafiriji amachoka ndi mavani m'mamawa nkubwera madzulo. Ine ndi mnzanga uja tinatenga kope nkuyenda shedi ndi shedi kwa milungu itatu, kulemba ntchito, chiwerengero cha anthu, ophunzira ntchito, ndi komwe kuli makasitomala. Ena anakana, poganiza kuti ndife a msonkho. Ambiri anasaina.

Kenako panabwera Regulation 19, pomwe khonsolo imatulutsa buku lomwe ikufuna kulitumiza kwa woliyesa. Nthawi yoyankha sichepera milungu 6, ndipo tsiku lotseka likadutsa usadalire chifundo. Fomu yake simafunsa ngati ukulikonda bukulo. Imafunsa ngati latsata malamulo, ndiponso ngati lili sound, kutanthauza kuti likwaniritsa zinthu zinayi za m'ndondomeko ya boma ya NPPF: likukumana ndi zosowa za dera, lili ndi umboni, ndi lotheka kuchitika, ndipo silikutsutsana ndi mfundo za dziko. Ife tinagwira pa umboni basi. Tinati chiwerengero cha antchito ncholakwika, nali kope lathu, ndipo bukuli silikunena komwe B2 yochotsedwayo ikalowere.

Pa fomu imeneyi pali zinthu ziwiri zomwe ndikanaziphonya. Choyamba, uyenera kulemba mawu enieni omwe ukufuna alowe m'malo mwa awowo, osati kungokana. Chachiwiri ndi kabokosi kakang'ono kofunsa ngati ukufuna kudzalankhula pamaso pa woyesa. Ufulu wolankhula ndi wa okhawo amene apempha kusintha pa gawo ili. Kalata yanga yoyamba ija sikanandilowetsa m'chipindamo.

Woyesa amachokera ku bungwe la boma lotchedwa Planning Inspectorate, osati ku khonsolo, ndipo sumulembera mwachindunji. Zonse zimadzera kwa mlembi wotchedwa programme officer. Kudikira kunatenga pafupifupi chaka. Kenako anatitumizira mafunso a woyesayo, ife nkuyankha mwachidule, chifukwa amaika malire a mawu.

Tsikulo ndinavala suti ya kutchalitchi. Sikhoti, ndi tebulo lalikulu, aliyense ndi kakhadi ka dzina patsogolo pake, ndipo ukafuna kulankhula umakaimika chilili. Mbali ina kunali a khonsolo, mbali ina maloya a kampani yomanga nyumba, mafayilo ali mulu. Woyesayo, mayi wolankhula motsitsa, anafunsa a khonsolo ngati akatswiri awo analowa m'mashedi. Anatembenuza mapepala kwa kanthawi nkuvomera kuti ayi. Atanditembenukira ine, zonse zomwe ndinaloweza zinathawa. Ndinangonena za wophika buledi uja, ndi kuti mavani a anthu opereka katundu m'derali ndimawakonza ine, ndipo ndikasamukira kunja kwa M25, msewu waukulu wozungulira London, adzayenda ola lathunthu kukasintha mabuleki. Analemba, nkupita ku funso lotsatira. Mphindi zanga zinali zosakwana zisanu.

Patapita miyezi ingapo kunatuluka zosintha zomwe amati main modifications, ndipo nazonso anafunsa anthu maganizo. Mbali ya kunjanji, komwe kuli ine, inakhalabe LSIS. Mbali ya kumsewu anaimasula, koma anawonjezera mawu akuti womanga mafulati ndiye ateteze alendi ake ku phokoso lathu, osati ife kuzimitsa kompulesa. Mfundo imeneyi amaitcha agent of change, ndipo inalowa mu NPPF mu 2018.

Shedi ya mnzanga wa ku Ghana, ngakhale tinagundana khoma, inagwera mbali inayo ya mzere. Ine mapu akundisunga, koma pangano langa la lendi analilemba kunja kwa chitetezo cha lamulo la Landlord and Tenant la 1954, lomwe limapatsa wa bizinesi ufulu wopitiriza lendi, ndipo panganolo likutha chaka chamawa. Mwana wanga walitenga kuti akaliwerenge.