Ndangochotsa chala chimodzi

Loweruka, usiku

Nsonga za zala zakumanzere zikuwawa ngati ndinagwira khala la moto, koma ndati ndisagone ndisanalembe za lero, kuopa kuti mawa ndingadzuke zonse zitauluka m'mutu.

Ndakhala ndikuimba gitala zaka 6. Ndikati kuimba ndikutanthauza kuti zala zanga zimadziwa pokhala pogwira ma chord, timagulu ta manoti olira pamodzi: G apa, C apa, D apa, Em apa. Ndinaloweza kuchokera pa zithunzi za timadontho zoonetsa poika zala, zimene zili mbwee pa intaneti, kuloweza kwa chinkhwe. Sabata yatha kuloweza kumeneku kunandigwetsa. Mnzathu amene amatsogolera nyimbo anati pa G mawu akumukwerera, titsikire ku D. Anzanga onse anangosuntha manja n'kupitiriza, ine ndili kakasi, chala chili m'malere. Palibe anandiseka, ndipo chimenecho ndiye chinandiwawa koposa.

Safunsa anadya phula. M'mawa uno ndinaimbira alamu anga foni ya vidiyo. Iwo amaimba kiyibodi ndipo amawerenga manoti ngati kalata. Ndinali nditakonza kale kope ndi cholembera, koma iwo anati, "Alamu, kopelo liyambe ladikira. Muli ndi tepi yoyezera pafupi?"

Ndinaganiza kuti akundinyoza, koma ndinakatenga. Anandiuza kuti ndiyeze nsambo kuchokera pamene yatsamira kumutu kwa gitala mpaka pamene yatsamira kumimba. Ndinapeza masentimita 65. Kenako anati ndiyeze kufika pa fret ya nambala 12 (mafret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala). Masentimita 32 ndi theka, pakati penipeni. Ndikadina pamenepo ndiye kuti ndadula nsamboyo pakati, ndipo theka lotsalalo limanjenjemera kawiri kuposa nsambo yonse. Nsambo ya A ikalira yokha imanjenjemera ka 110 pa sekondi, pa fret 12 ka 220. Khutu limamva noti yomweyo, kungoti yakwera. Imeneyo ndiye octave. A wina amene makina ochunira amayambirapo, wa 440 uja, ali pa fret 5 ya nsambo yopyapyala kwambiri. Zaka zonsezi timadontho tiwiri ta pa fret 12 ndinkatiyesa tokongoletsa chabe.

Kuchokera pa nsambo yosadina kufika pa 12 pali masitepe 12, fret iliyonse sitepe imodzi, ndipo manoti onse a nyimbo zimene timaimba pa gitala ndi omwewo, 12 basi. Asanu ndi awiri ali ndi zilembo, A mpaka G, asanu otsalawo amabwereka dzina kwa mnansi wawo n'kuwonjezera sharp kapena flat. Pakati pa B ndi C palibe kanthu, chimodzimodzinso pakati pa E ndi F. Alamu anandionetsa pa kiyibodi yawo malo awiri amene makiyi oyera amagundana popanda lakuda pakati. Pa gitala zimenezi sizioneka, mafret onse amaoneka ofanana, n'chifukwa chake ife a magitala timachedwa kuzizindikira. Ndikudzikhululukira pang'ono pamenepa.

Tisanadule foni anandisiyira nambala zisanu ndi ziwiri: 2, 2, 1, 2, 2, 2, 1. Anati ndiyambire pa nsambo ya G yosadina, ndiyende masitepe amenewo pa nsambo imodzi yomweyo, ndipo ndisawaimbirenso mpaka nditamva chinachake.

Ndinayenda. Yosadina, 2, 4, 5, 7, 9, 11, 12. Ndisanafike n'komwe pakati, pakamwa panga panali patayamba kale kuimba pokha: do, re, mi, fa, so. Do re mi amene ndinamudziwa ndili mwana ndi G A B C amene ndinkamuopa m'mabuku, kani ndi munthu mmodzi wovala malaya awiri. Ndinayesa dala kudina 10 m'malo mwa 11, ndipo khutu linakana nthawi yomweyo ngati waponda mwala mu nsapato. Pa 10 pali F, pa 11 pali F sharp, ndipo sikelo ya G, do re mi woyambira pa G, imafuna wachiwiriyo kuti sitepe yomaliza yobwerera kwa do ikhale yaifupi. Kale ndinkaona kachizindikiro ka sharp kamodzi kumayambiriro kwa nyimbo za mu G n'kumaganiza kuti ndi lamulo limene wina anangolipanga kuti ativutitse. Si lamulo, ndi masamu a masitepe aja.

Masana ndinapuma pang'ono n'kuwerenga za kumene mayina a do re mi anachokera. Anayambitsa ndi Guido wa ku Arezzo, ku Italy, pafupifupi zaka 1,000 zapitazo. Anatenga maphatikizo oyamba a mizere ya nyimbo ina ya Chilatini kuti oimba ake aziphunzira msanga: ut, re, mi, fa, sol, la. Ut uja anadzasanduka do m'zaka za m'ma 1600. Zinandisangalatsa kuti nayenso vuto lake linali ngati langa, la anthu oloweza nyimbo osadziwa pamene aponda.

Koma chimene chandigwira mtima lero chinachitika cha m'ma 3 koloko, ndili ndekha. Alamu anali atanena mongodutsa kuti chord ndi manoti atatu: loyamba, lachitatu ndi lachisanu mu sikelo. (Ndikulemba chord dala, chifukwa ndikalemba momwe timatchulira zikhala ngati ndikufunsa funso.) Ine ndinkatsutsa mumtima. Atatu bwanji, pamene ndikagwira E ndimaliza nsambo zonse 6? Ndinagwira E n'kuyamba kuwerenga nsambo imodziimodzi, ndikuwerengera mafret ndi chala ngati mwana wa sitandade 1. E, B, E, G sharp, B, E. Mayina atatu okha. E alipo katatu, B kawiri, ndipo G sharp ali yekhayekha, pansi pa chala changa chamkombaphala, pa fret yoyamba.

Kenako ndinachotsa chalacho. Ndachita zimenezi kambirimbiri, ndi momwe aliyense amachokera ku E kupita ku Em. Koma lero ndinadziwa chimene ndachita: ndatsitsa noti lachitatu ndi sitepe imodzi, G sharp wakhala G. Kuchokera pa E kufika pa G sharp ndi masitepe 4, kufika pa G ndi masitepe 3. Major (E) ndi minor (Em) amasiyana pomwepo basi. Mdima wonse uja umene umalowa m'nyimbo ukagwira Em, umene ndinkauyesa chinsinsi chachikulu, uli pa fret imodzi ya nsambo imodzi. Ndinakhala mwina mphindi 20 ndikungoika chala, kuchotsa, kuika, kuchotsa, ngati munthu amene wangolumikizidwa magetsi akusewera ndi switch.

Ndinafuna kutsimikiza kuti sizinangochitika mwangozi. Pa A ndi Am, chala chimodzi chimabwerera pa nsambo ya B kuchoka pa fret 2 kupita pa 1, C sharp akhala C. Pa D ndi Dm, nsambo yopyapyala, F sharp akhala F. Ndi nkhani imodzi yomweyo imene ndinailoweza katatu ngati nkhani zitatu zosiyana. Apa ndiyenera kunena kuti zithunzi za timadontho zija ndazikwiyira pang'ono. Zimakupatsa nyimbo msanga, zimenezo sindikana, ndipo popanda izo mwina ndikanaisiya gitala mwezi woyamba. Koma zikanangolemba dzina la noti pansi pa kadontho kalikonse, zaka zingapo sizikanapita pachabe.

Madzulo ndinatsegula kope lija. Ndinalemba G A B C D E F sharp, n'kumanga chord pa noti lililonse podumpha limodzilimodzi. G B D. A C E. B D F sharp. C E G. D F sharp A. E G B. Nditawerenga masitepe, zitatu zinatuluka major: G, C ndi D, woyamba, wachinayi ndi wachisanu. Zitatu zinatuluka minor: Am, Bm ndi Em. Ndiye kuti anzanga anayi aja, G, C, D ndi Em, amene ndakhala nawo zaka 6 ndi ana a bere limodzi. Ndipo funso la sabata yatha linadziyankha lokha. Woyamba, wachinayi ndi wachisanu mu D ndi D, G ndi A, wachisanu ndi chimodzi ndi Bm. Ndinaiimba nyimbo ija mu D kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ngakhale Bm akundilirabe mwa phokoso chifukwa chala chopingasa sichinalimbe.

Ndinawaimbiranso alamu cha m'ma 8. "Alamu, ndamva chinachake." Anandiuza kuti ndiimbe kaye ndisanalankhule. Nditamaliza anagwedeza mutu n'kufunsa kuti, "Nanga wachisanu ndi chiwiri mwamusiya kuti?" Zoona, mu kope ndinali nditalemba F sharp, A, C, n'kuika chizindikiro cha funso pambali, chifukwa masitepe ake ndi 3 ndi 3, sakulowa ku major kapena ku minor, ndipo ndikamuliza amamveka ngati munthu amene waima pakhomo osalowa. Anati dzina lake ndi diminished ndipo tidzakambirana Loweruka likubwerali, pamodzi ndi funso langa lina: chifukwa chiyani pochuna E A D G B E nsambo zonse zimatalikirana masitepe 5, koma kuchoka pa G kupita pa B ndi 4 okha.

Homuweki ndi kupeza G aliyense pa khosi la gitala, kuyambira pa nsambo yosadina mpaka fret 12, osayang'ana pa foni. Ndapeza asanu. Alamu akuti alipo asanu ndi awiri.