Mfuti yakale ikayamba kugwedera, musathamangire fayilo yopalira chitsulo

Mfuti ya Winchester 1873 ndimaikonda chifukwa sibisa matenda ake. Ukamasula sikuluu imodzi yokha timbale ta m'mbali tija timachoka, zamkati zonse poyera. Koma musanagwire chilichonse onetsetsani kuti mulibe chipolopolo, mu chamber (mokhala chipolopolo powombera) ndi mu magazini (mosungira zipolopolo) momwe, apa ndiye sindinyengerera munthu ayi.

Chomwe chimagwira bolt ya mfuti imeneyi, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo, ndi ma toggle link, tizitsulo topindika ngati bondo, mbali iliyonse kuli kake. Ukatseka lever, chogwirira cha pansi chomwe umakoka polowetsa chipolopolo, bondo lija limawongoka n'kutsamira bolt kuti isabwerere m'mbuyo. Ndiye tangoganizani zaka zoposa 100 likupinda n'kuwongoka, mapini amadyeka, mabowo ake amakula pang'onopang'ono, mapeto ake pamatsala kampata kumbuyo kwa chipolopolo, kaja amati headspace. Ine ndimatseka lever kenaka n'kukankha bolt ndi chala, ikasuntha basi ndimadziwa kuti pali nkhani. Makesi owombera kale, timikuwa totsala chipolopolo chikaphulika, nawonso amaulula zambiri, primer, kabatani kophulitsa ka kumunsi kwa kesi, ikatulukira kunja kapena mukaona kamzere kowala pafupi ndi kumunsi kwa kesi ndiye kuti mkuwawo ukukokeka, tsiku lina udzaduka nkhope yanu ili pompo. Mfuti yotere ipite kwa wokonza mfuti akaiyeze ndi geji ya no-go, yoonera ngati kampata kaja kakula mopitirira, komanso kumbukirani kuti chipolopolo cha .44-40 cha mfutiyi nthawi imeneyo chinali cha black powder, wonga wakuda wakale, zipolopolo zamphamvu si zake. Wopanga mfuti John Browning pa Winchester Model 1886 anasiya bondoli n'kuika zitsulo ziwiri zokwera kumbuyo kwa bolt, ndiye pa Model 1886 ndi Model 1892 muziyang'ana zitsulo zimenezo ndi njira zomwe zimadutsamo.

Lever yolendewera nthawi zambiri ndi sipuling'i yotopa chabe, nkhani yaing'ono.

Ma Marlin, mfuti zina za lever, ali ndi vuto lawolawo, nsonga ya lever imakumba kamzere pansi pa carrier, kachitsulo kokweza chipolopolo kuchokera m'magazini, carrier n'kuyamba kuchedwa kukwera, chipolopolo chachiwiri n'kutuluka nthawi isanakwane, zonse gwa! Anthu amalimbana ndi kuthira oyilo pomwe chitsulo chadyeka.

Hamala nayo muiyese, ikakhala pa half-cock, yokokedwa theka, siyenera kugwa mukakoka trigger. Ikagwa mano ake atha kapena wina anapalapo, ndipo izi zimandiwawa kwambiri, chifukwa chitsulo chomwe mwachotsa ndi fayilo pa sear, kachitsulo kogwira hamala, simungachibwezerenso. Mukasintha gawo lililonse, lakalelo musungeni m'kathumba, mulembepo nambala ya mfutiyo.