Kugonetsa wodwala wowonda kwambiri pomuika mapapo atsopano

Mfundo yomwe yandigwira mtima pa nkhani yogonetsa wodwala ndi mankhwala pa opaleshoni yomuika mapapo atsopano ndi yakuti kwa wodwala wowonda, nambala ya pasikelo siyankha mafunso onse. Munthu amatchedwa wowonda BMI (muyeso wa kulemera poyerekeza ndi msinkhu) ikatsika pansi pa 18.5, ndipo malangizo a 2021 a ISHLT, bungwe la padziko lonse la akatswiri oika mtima ndi mapapo, amaika BMI yosafika 16 m'gulu la chiopsezo chachikulu. Ambiri mwa odwalawa ali ndi matenda owononga mapapo a cystic fibrosis kapena emphysema, ndipo mphamvu ya chakudya chawo imathera pa kupuma.

Mankhwala ndiwo amatsata kulemera kwenikweni. Wosafika makilogalamu 50 amalandira paracetamol wa 15 mg pa kilogalamu, choncho wa makilogalamu 40 apatsidwe 600 mg, osati galamu yathunthu yomwe dzanja linazolowera. Puloteni ya albumin ikachepa m'magazi, mankhwala ogonetsa a propofol amagwira mwamphamvu kuposa momwe timayembekezera. Mbali ya kumanja ya mtima imakhala yotopa kale ndi kukankha magazi m'mapapo odwala, ndiye BP ikagwa mtima ukhoza kuima. Gonetsani pang'onopang'ono, mankhwala okweza BP a noradrenaline atalumikizidwa kale.

Chubu ya mabowo awiri yopumira imasankhidwa potengera msinkhu, chifukwa kuwonda sikuchepetsa kholingo.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa makina opumira, mapapo atsopano akayamba ntchito. Mapapowo ndi a wopereka, choncho mpweya uwerengedwe pa thupi la iyeyo: pafupifupi 6 ml pa kilogalamu ya kulemera koyenera msinkhu wake. Kwa mkazi, chotsani 152.4 pa msinkhu wa m'masentimita, chulukitsani ndi 0.91, kenako onjezani 45.5. Wopereka wa masentimita 160 amatuluka makilogalamu 52, ndiye mpweya ukhale pafupifupi 315 ml. Kupitirira apo n'kufufumitsa mapapo omwe angochoka mu ayezi.

Madzi nawonso ndi ovuta. Wa makilogalamu 40 ali ndi magazi okwana malita 2.8 okha, moti madzi odzazira mapaipi a ECMO (makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo kunja kwa thupi) amasungunula magaziwo msanga. Komanso timitsempha ta lymph, tomwe timachotsa madzi otsala m'ziwalo, timadulidwa poika mapapo, kotero madzi opitirira muyeso alibe potulukira. Amadzaza m'mapapo n'kukulitsa vuto la primary graft dysfunction (kulephera kwa mapapo atsopano kugwira ntchito bwino), lomwe limaoneka m'maola 72 oyamba. Thupi lopanda mafuta limazizira msanga chifuwa chikatsegulidwa, ndipo pansi pa 36°C magazi saundana bwino. Zigongono, zidendene ndi fupa la kumapeto kwa msana zitetezedwe ndi zofewa.

Ndikuona kuti gawo lomwe limanyozeredwa ndi kudyetsa. Kufuna kumunenepetsa msanga n'koopsa: chakudya chikabwera chambiri mwadzidzidzi, insulin imakokera mchere wa m'magazi, monga phosphate, potassium ndi magnesium, m'maselo. Phosphate ikatsika, mnofu wopumira umafooka ndipo wodwala amakanika kuchoka pa makina. Kwa wa chiopsezo chachikulu, NICE, bungwe la ku UK lopereka malangizo a zaumoyo, imati tiyambe ndi ma kcal (muyeso wa mphamvu ya chakudya) osapitirira 10 pa kilogalamu patsiku, thiamine (vitamini B1) aperekedwe chakudya chisanayambe, ndipo mchere wa m'magazi uyezedwe tsiku ndi tsiku pamene chakudya chikuwonjezedwa.