Bokosi la Tetzel ku Jüterbog

Alendo ambiri akakwera sitima ku Berlin amathamangira ku Wittenberg, tauni ya Martin Luther, koma ine ndinatsikira panjira, m'katauni ka Jüterbog. M'tchalitchi cha Nikolaikirche muli chibokosi chamatabwa chomangidwa ndi zitsulo, choti munthu mmodzi sangachinyamule. Eni dera amati n'cha Johann Tetzel, wansembe wa chipani cha Dominican amene mu 1517 ankagulitsa makalata a chikhululukiro. Ukaponyamo ndalama, ankatero, mzimu wa m'bale wako utuluka m'purigatoriyo.

Ndalamazo zinkapita kuti? Albrecht wa ku Brandenburg anali asanakwanitse zaka 25 koma atagwira kale madayosizi atatu: Magdeburg, Halberstadt ndi Mainz. Malamulo a mpingo sankalola zimenezi, ndiye analipira ku Rome kuti amuyang'anire kumbali, ndipo ndalamayo anakongola kubanki ya a Fugger ku Augsburg. Theka la zimene amphawi ankaponya m'mabokosi ngati ili linkabweza ngongole ya episkopiyo. Theka linalo linkapita kwa Papa Leo X kukamangira tchalitchi cha St Peter. Mayi wolira mwamuna wake ankabweza ngongole ya munthu amene sanamuonepo.

Ku Wittenberg ndinafika madzulo. Frederick, mfumu ya Saxony, dera limene munali Wittenberg, analetsa Tetzel kuponda m'dziko lake, n'chifukwa chake anthu ankachita kuyenda mpaka ku Jüterbog. Koma musamuyamikire msanga. Iyenso anali ndi msika wake: m'tchalitchi chake cha Schlosskirche anaunjikamo mafupa ndi zotsalira za oyera mtima masauzande ambiri, zomwe zinkakoka amwendamnjira ndi zopereka zawo.

Chitseko cha tchalitchichi, chimene amati Luther anakhomapo mfundo zake 95 zotsutsa malonda a makalata a chikhululukiro pa 31 October 1517, chinapsa pankhondo mu 1760. Chimene alendo amajambulitsapo lero n'chamkuwa, cha 1858, mfundozo zitalembedwapo m'Chilatini. Ine Mkatolika ndinaima pamenepo mtima uli ziwiri, pakuti Luther panthawiyo anali wansembe wathu ndithu, wodandaula ali m'nyumba.

Si iye yekha amene ankaona kuti zinthu zavunda. Papa Adrian VI anavomereza kudzera mwa nthumwi yake ku Nuremberg kuti nthendayi inayambira kulikulu ku Rome. Anamwalira mu 1523 asanakonze zambiri. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wokonza zinthu mumpingo unayamba ku Trent mu 1545, ndipo Papa Pius V anathetseratu zikhululukiro zokhudza ndalama mu 1567, Luther atatha zaka 21 m'manda momwemo mu Schlosskirche.