Mmene ndinathetsera nyerere m'nyumba mwathu

Nyerere zimene mumaziona zikuyenda pamzere kukhitchini ndi zantchito chabe, ndipo n'zochepa poyerekeza ndi zimene zatsala kufunkha. Manthu wawo amakhala pansi pa simenti kapena m'khoma, satuluka, ntchito yake ndi kuikira mazira basi. N'chifukwa chake munthu amapopera Doom madzulo, n'kusesa nyerere zakufa zodzaza dzanja, koma kukacha n'kupeza mzere wina wayambanso pamalo omwewo. Zitatilowerera m'nyumba ya lendi imene timakhala ku Chinamwali, mu Zomba muno, ine ndinatsimikiza zolimbana ndi manthuyo, osati antchito ake.

Zinayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nyengo imeneyi nyerere zimasakasaka madzi kwambiri. Kwathu zinkaunjikana m'mphepete mwa ndowa ya madzi akumwa, pa chikolopa chonyowa ndi pansi pa thandala. Kenako zinapeza paketi ya shuga, botolo la chiponde, mpaka mkute wovindikira bwinobwino m'poto. Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti ndinazipeza pa pilo wa mwana wanga wakhanda, pamene panadonthera mkaka, zina zili kale patsaya. Khanda silinganene kuti china chake chandilowa m'khutu.

Poyamba sindinaphe ngakhale imodzi. Ndinagwada n'kuyamba kulondola mzere. Nyerere ikapeza chakudya imasiya fungo pansi pobwerera kwawo, ndipo zinzake zimatsata fungolo, ndiye mzere uliwonse uli ndi kumene ukuchokera. Muziyang'ana zimene zanyamula kanthu kukamwa, chifukwa zimenezo zikupita kumudzi. Wathu unadutsa kuseri kwa kabati, n'kutsika khoma, n'kukalowa mumng'alu pamene simenti ya pansi imakumana ndi khoma. Pakhomo pa mng'aluwo panali kamulu ka dothi losalala ngati ufa woyera. Ndikasesa m'mawa, madzulo kabwereranso. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti nyererezo n'zofiirira, zambiri zing'onozing'ono, koma mwa apo ndi apo munali zina zokhala ndi mitu ikuluikulu yosagwirizana ndi matupi awo. Mtundu umenewu ndi wofala kuno kwathu. Umakonda zamafuta ndi zankhuli, ndipo funkha limodzi limakhala ndi amanthu ambiri. Kuthira madzi otentha pamng'alu kumangopha zapakhomo, zapansi osazifika.

Mzere wachiwiri unali panja. Mtengo wa mandimu wa kuseri kwa nyumba unali ndi nthambi yogunda zenera la kukhitchini. Nditatembenuza masamba ake ndinapeza nsabwe za zomera zitamatirira kunsi, nyerere zikuyendayenda pakati pake. Nsabwezi zimatulutsa timadzi totsekemera timene nyerere zimamwa, ndipo nyererezo zimaziteteza kwa adani awo. Nthambi ija inali mlatho wolowera m'nyumba.

Ndisanasakanize mankhwala aliwonse ndinafuna kudziwa chimene zikukonda. Ndinatenga zitsekerero ziwiri za mabotolo, china ndinathiramo madzi a shuga, china ndinapakamo chiponde, n'kuziika pafupi ndi mng'alu uja, ndipo pazenera paja ndinachitanso chimodzimodzi. Ola lisanathe za m'khitchini zinali zitakuta chiponde, pomwe za pazenera zinasankha shuga. Kuyesa kumeneku musakudumphe, chifukwa nyambo imene nyerere sizikuifuna ingouma pamenepo.

Mankhwala amene ndinagwiritsa ntchito ndi borax, ufa woyera umene umapezeka m'mafamase ndi m'masitolo ena. Ubwino wake ndi wakuti supha msanga. Nyerere yantchito imamwa, n'kubwerera kufunkha, n'kukagawira zinzake, ana ndi manthu, pakuti nyerere zimadyetsana pakamwa. Muyeso wake unali uwu: theka la sipuni ya tiyi ya borax, masipuni a tiyi 8 a shuga, m'kapu imodzi ya madzi ofunda ya mamililita 250, n'kutakasa mpaka zonse zisungunuke. Musachulutse borax poganiza kuti zitha msanga. Akachuluka, nyerere zimamukana kapena zimafera panjira zisanafike kwawo, ndiye mwangotaya nthawi. Kwa zokonda mafuta zija ndinatapa borax pang'ono pansonga ya sipuni n'kusakaniza bwinobwino ndi sipuni yaikulu ya chiponde.

Poti m'nyumba muli ana, sindinasiye nyamboyo poyera. Ndinaviika thonje m'madzi aja n'kuliika m'kabotolo kapulasitiki kokhala ndi chitsekerero, nditaboola timabowo m'mbali ndi msomali wotentha, tokwana nyerere yokha. Mabotolowo ndinawalowetsa kuseri kwa kabati ndi pamwamba pazenera, pamene mwana, galu kapena nkhuku sizingafike. Borax si mchere. Mwana akadya amadwala, choncho ufa wotsala ndinaulemba dzina n'kuusunga pamwamba, kutali ndi zakudya, ndipo sipuni ndi kapu zimene ndinasakanizira sizinabwererenso kukhitchini.

Kenako inafika nthawi yovuta kuposa zonse, yongoyang'ana. Masiku oyambirira nyerere zimachuluka kuposa kale, chifukwa zaitanizana. Mzere unakula, wakuda bii, kuchokera pamng'alu mpaka pabotolo. Bambo a ana atabwera kuntchito anaima pakhomo la kukhitchini n'kunena kuti, "Mayi a ana, izitu zanyanya. Bwanji tingopopera zithe?" Ndinati, "Pepani bambo, zisiyeni zidye. Iliyonse imene mukuionayi ikupititsa mankhwala kwa manthu wawo. Mukapopera pano mwadula njira." Anamvetsa, ndipo chitini cha mankhwala opopera tinachichotseratu m'khitchini kuti wina asachite kuyesedwa. Thonje likauma ndinkaika lina, chiponde chikalimba ndinkasintha. Ntchito imeneyi ndi ya masabata, osati ya usiku umodzi. Mzere umayamba kuwonda, nyerere zimayenda mofooka, kamulu ka dothi kaja kamasiya kubwerera.

Pamene nyambo inkagwira ntchito, ndinaonetsetsa kuti m'nyumba monse mulibe chakudya china chopikisana nayo. Shuga, ufa wa phala la mwana ndi nsinjiro zinalowa m'mabotolo otseka zolimba. Mbale sizinkagona zosatsuka, chikolopa ndinkayanika panja, makoko ndi zotsala zonse kudzala madzulo omwewo. Matebulo ndi mashelefu ndinkapukuta ndi madzi a sopo othira viniga pang'ono kuti fungo la njira zawo lifufutike, kupatula njira zopita kunyambo zokha. Bedi ndinalisuntha kuti lisagunde khoma, neti ndinkaipisira pansi pa matiresi kuti isalendewere mpaka pansi, ndipo miyendo ya bedi ndinaipaka Vaseline. Nyerere siwoloka pamafuta omata chotero bola fumbi lisanakutepo.

Pali zinthu zimene anthu anandilangiza koma ndinakana, ndipo ndikupempha kuti nanunso mukane. Tameki, timibulu takuda timene ena amagulitsa mobisa ngati mankhwala a makoswe, ndi poizoni wakupha munthu, ndipo sayenera kulowa m'nyumba ya munthu aliyense. Choko cha mphemvu chija chimafanana ndi choko cha kusukulu, mwana akhoza kuchitola n'kuika m'kamwa. Mankhwala a thonje kapena a tomato ndi a kumunda, osati a pamene mumaphikira. M'dziko muno mankhwala ophera tizilombo amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, choncho ufa wa m'kapepala kopanda dzina, ngakhale utchipe bwanji, usiyeni pamsika pomwepo.

Nyerere zitasiya kutuluka ndi pamene ndinatseka ming'alu. Mukafulumira kutseka zikadali zamoyo, zimangoboola pena. Ndinawaonetsa a landilodi malo onse, anatipatsa simenti pang'ono, ndipo tinamata m'mphepete mwa khoma, pozungulira paipi ya sinki ndi pansi pa felemu ya chitseko. Nthambi ya mandimu tinaidula, masamba tinawapopera madzi a sopo kuti nsabwe zichoke, nkhuni zimene zinatsamira khoma tinazisunthira kumpanda.

Zonse ndafotokozazi n'za nyerere zokhazikika m'nyumba. Linthumbu ndi nkhani ina, ndipo borax sathandiza. Limakonda kutuluka nthawi ya dzinja, nthawi zambiri usiku, lili chigulu, ndipo limaluma kowawa. Kwathu amene amayamba kutidziwitsa ndi nkhuku, zikayamba kukupiza mapiko ndi kulira m'khola pakati pa usiku. Zikatero timayamba tanyamula ana, kenako timatulutsa nkhuku, makamaka anapiye ndi thadzi lofungatira, chifukwa linthumbu limapha chiweto chimene chilibe kothawira. Tikatha apo timawaza phulusa lochindikala pakhomo ndi mozungulira khola kuti mzere ukhotere kwina. Ena amathira palafini, koma m'nyumba yoyatsa kandulo kapena mbaula zimenezo n'zoopsa. Linthumbu silikhalitsa, limadutsa n'kupita, likudya mphemvu ndi tizilombo tina m'njira. Mvula ikayandikira ndimasunga chitini cha phulusa louma pakhonde ndi tochi pafupi ndi bedi, ndipo udzu wozungulira khola timaulambula Disembala asanafike.