Ndinkawafuna m'kalembera, koma anandilozera ndi nkhoswe

Aphunzitsi athu a mbiri atatipatsa ntchito yoti aliyense afufuze kholo lake limodzi, maukwati ake ndi kumene linagona, ine ndinaona ngati andipatsa ya ulele. Ndinasankha bambo awo a anganga anga, omwe kwathu cha ku Chisitu timangowatchula kuti "aja anapita nthawi ya njala". Chithunzi chawo palibe. Anganga anali ndi zaka zisanu pomwe anawaona komaliza mu 1949, atanyamula kafukusi, akuti akukasaka chakudya.

Chomwe chinandipusitsa ndi YouTube. Ndinali nditaonera momwe anthu akunja amafufuzira makolo awo. Ku America mapepala a kalembera amatsegulidwa pakatha zaka 72, ku Britain zaka 100, ndipo munthu amapezamo dzina la kholo lake, mkazi, ana, zaka zawo ndi ntchito, khomo ndi khomo. Ndinati basi, nanenso ndikatero. Ndinakwera minibasi ya ku Limbe, kenako ya ku Zomba, kope latsopano lili m'chikwama.

Ku National Archives, komwe boma limasungira zikalata zakale, ndinawerenga malipoti a kalembera wa 1921, 1931 ndi 1945. Muli manambala okhaokha: amuna angati, akazi angati, a mtundu uti angati, boma ndi boma. Mulanje analembedwa Mlanje, Thyolo ndi Cholo, ndipo Alomwe ankatilemba kuti Anguru, dzina lomwe akuluakulu athu ankalimva ngati chipongwe. Atsamunda chidwi chawo chinali pa msonkho wa nyumba ndi manja ogwira ntchito m'minda ya tiyi, osati pa kudziwa kuti uje anakwatira kwa yani. Ndinamvanso kuti mapepala ambiri a zaka zoyambirira anapsa mu 1919, moto utawononga maofesi a boma ku Zomba konko. Za akalembera a pambuyo pa ufulu, kuyambira wa 1966 mpaka wa 2018, ndinangozisiya, chifukwa zimene munthu anayankha pakhomo pake ndi zachinsinsi. Zomwe zimatuluka ndi ziwerengero.

Ndinabwerako wolefuka, komabe osati chimanjamanja. Pakati pa 1921 ndi 1945 chiwerengero cha Alomwe chinakwera katatu, anthu akuoloka Ruo kuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi n'kudzagweranso m'thangata kuno. M'manambala amenewo ndinadziwa kuti munthu wanga alimo, kungoti alibe dzina.

Anganga ndi amene anandikumbutsa za tchalitchi. "Mayi anga ankanyadira kuti ukwati wawo unali wa mphete. Kafunse kwa alembi a mpingo." Kuyambira mu 1923 panali lamulo loti maukwati a anthu akuda omangidwa m'tchalitchi azilembedwa, choncho mabuku otere alipo, ngati chiswe chawasiya. Lathu chinali chitalawa kale. Alembi analitulutsa m'kabati litakulungidwa m'chitenje, ngodya ya m'munsi itadyeka ngati tsamba la mpiru, inki itasanduka yofiirira. Anandiuza kuti ndisanyowetse chala ndi malovu potembenuza.

Apa mpamene ndinataya masiku awiri ndi umbuli wanga. Ndinkafunafuna dzina lomwe anganga amalidziwa, osaganiza kuti mwamuna wa nthawi imeneyo ankatha kukhala ndi maina anayi: la paubwana, la kuchinamwali, la paubatizo, ndi lomwe kapitawo anamulemba nalo m'buku la matikiti kuesiteti, aja a Supuni ndi Foloko aja. Tsiku lachitatu alembi anaseka nati, "Mwana wanga, kuno mwamuna ndi wobwera. Funa dzina la mkazi ndi mudzi wake." Sipanathe ola, ndinaupeza mzerewo. Chaka 1943. Mkwati analembedwa ndi dzina la m'Baibulo lomwe kwathu palibe analimvapo, ndipo posainira anaika kamtanda.

Mzere umodzi womwewo unandipatsa zinthu ziwiri zomwe sindinapite nazo m'mutu. Pofotokoza za mkwati panalembedwa m'Chingerezi kuti anali wofedwa mkazi. Ndiye kuti ukwati wa mphete uja unali wachiwiri, ndipo anganga, ndi imvi zawo zonsezi, sankadziwa. Chachiwiri chinali pamalo a mboni. Ine ndikanapadumpha, poganiza kuti mboni ndi aliyense amene anali pafupi tsikulo. Koma mboni za ukwati wa kwathu kuno kawirikawiri ndi ankhoswe, wina wa kuchikazi, wina wa kuchimuna, ndipo wa kuchimuna amakhala malume kapena mchimwene wa mkwati. Pambali pa dzina lake panalembedwa mudzi wina wa cha ku Limbuli, kufupi ndi malire a Muloza. Ngati pali chomwe ndingauze mnzanga amene akuyamba ntchito yotereyi, n'chakuti awerenge mboni asanatseke buku.

Ndinapita ndi shuga ndi sopo, n'kuyambira kwa amfumu monga mwa mwambo. Anandiperekeza kwa gogo wina wosaona bwino, mwana wa mchemwali wawo wa munthu wangayo. Dzina la paubatizo sanalidziwe. La kwathu lija, anagwedeza mutu. Nditafotokoza za munthu amene anakwatira ku Chisitu n'kuchokako nthawi ya njala, anaomba m'manja.

"Amalume amenewo! Iwe ndiwe wa kwa mayi wachiwiri uja? Sendera kuno ndikugwire."

Anandiyalira zonse atandigwira dzanja. Mkazi woyamba anali wa tsidya la mtsinje, ukwati wa ankhoswe chabe, ndipo anamwalira pobereka. Wachitatu anamupeza cha ku Luchenza, komwe anakafikira posaka ganyu m'njala muja, osabwereranso. Nditafunsa chaka chomwe anamwalira, gogoyo anandiseka. Zaka za manambala iye alibe nazo ntchito. Anati chinali chaka chomwe ndalama zinasintha, anthu akusokonezeka ndi matambala pogula nsalu ya maliro. Kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971. Chikalata cha imfa panalibe poyambira kuchifuna, pakuti kulembetsa imfa ya aliyense kwayamba kukakamizidwa mu 2015 mommuno.

"Nanga anagona ku Luchenza konko, gogo?"

"Kwa eni ake? Tambala wobwereka amabwezedwa. Tinakawatenga."

Ine ndinali nditakonza kale ulendo wokayendera manda a midzi itatu ya akazi awo, chonsecho chikamwini ndakulira momwemo. Kumanda sumangolowa ngati m'munda mwako. Amfumu anaitana adzukulu awiri, ndipo m'mawa mwake tinalowa m'kankhalango ka mitengo ikuluikulu kozunguliridwa ndi chinangwa. Ziliza za simenti zili kumayambiriro, za anthu a posachedwa. Mkati mwenimweni muli mitumbira yophwa yosadziwika bwino, koma wamkulu wa adzukulu ankaiwerenga ngati kaundula: apa mayi awo, apa mchemwali wawo wamkulu, apa iwowo. Anakankha masamba ndi phazi, n'kuonekera mbale yachitsulo yadzimbiri, yobooledwa pakati kuti wina asaitole.

Polemba lipoti, aphunzitsi anandibwezera kawiri. Ankafuna kuti pa mfundo iliyonse ndionetse ngati ndaiona papepala, ndaimva kwa munthu mmodzi, kapena ndangoiganizira. Poyamba zinandinyansa, koma nditazisanja ndinaona kuti ukwati wa 1943 wokha ndi umene uli ndi pepala, woyamba uli ndi liwu limodzi la m'buku ndi pakamwa pa gogo, ndipo wachitatu wangotsamira pa gogo yekhayo. Chaka cha 1971 ndinachilemba ndi pensulo.

Anganga nditawafotokozera, anakhala chete nthawi yaitali akusenda nandolo. Za mkazi woyamba sanafunse, za mbale ija sanafunse. Anangoti, "Ku Luchenzako anasiyako ana?" Gogo uja anatchula awiri. Ndalama ya minibasi anganga andipatsa kale, anaimasula pamfundo ya chitenje, ndipo akuti ndisadikire tchuthi.